Mafunso Anu: Kodi Malamulo a Fodya, Vape ndi Chamba Akulowera Kuti?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza kusuta: ndudu, chamba, ndi timakina tatsopano totulutsa nthunzi timene achinyamata akutitcha vape. Tasankhapo asanu ndi limodzi. Ena tawafupikitsa koma mfundo za eni ake sitidazisinthe, ndipo monga mwa nthawi zonse mayina a olemba tawabisa.

FUNSO: Akonzi, ndamva kuti mayiko ena akufuna kuthetseratu kusuta fodya, kotero kuti ana a masiku ano sadzaloledwa kugula ndudu moyo wawo wonse. Kodi zimenezi n'zoona, nanga n'zotheka? Ndine mphunzitsi wa sekondale.

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mwamvazo n'zoona, ngakhale kuti mayiko amene afika pamenepo ndi owerengeka. Ganizo lake ndi lakuti msinkhu wololedwa kugula fodya uzikwera chaka ndi chaka, kotero kuti amene adabadwa pambuyo pa tsiku loikika sadzaufikira msinkhuwo mpaka kalekale, pamene achikulire amene adazolowera kale kusuta sakuwalanda kanthu. Dziko la New Zealand lidakhazikitsa lamulo lotere mu Disembala 2022, ndipo lidati aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 2009 asadzagulitsidwe fodya. Lamulo lomwelo lidafunanso kuchepetsa kwambiri chikonga cha m'ndudu ndi kutsitsa chiwerengero cha masitolo ogulitsa fodya kuchoka pa 6,000 kufika pa 600. Koma boma litasintha pa chisankho cha 2023, olamula atsopano adalifafaniza mu Febuluwale 2024 lisadayambe n'kugwira ntchito komwe, ndipo sadabise kuti ndalama za msonkho wa fodya adali kuziwerengera pa bajeti yawo. Dziko la zilumba la Maldives lidayamba kutsatira lamulo lake pa 1 Novembala 2025, lokhudza obadwa kuyambira pa 1 Januwale 2007. Ku Britain ganizoli lidabwera ndi Rishi Sunak ali nduna yaikulu mu 2023, ndipo boma la chipani cha Labour limene lidalowa pambuyo pake silidalitaye, koma lidapereka bilu yakeyake ku Nyumba ya Malamulo mu Novembala 2024.

Otsutsa lamuloli ali ndi mfundo imene sitiyenera kuipeputsa. Tiyerekeze kuti tili mu 2040, ndipo abambo awiri alowa m'sitolo, wina wa zaka 32 ndi wina wa zaka 31. Wogulitsa ayenera kuwafunsa onse awiri ziphaso zawo, n'kumugulitsa woyambayo ndi kumukaniza wachiwiriyo, chonsecho onse ndi anthu akuluakulu a mabanja awo, ndipo palibe chomuletsa woyambayo kumugawira mnzake akangotuluka pakhomo. Oikira kumbuyo lamuloli amayankha kuti cholinga si kutseka mpata uliwonse, koma kuti fodya atalikirane ndi mageti a sukulu chaka ndi chaka, mpaka mwana wa zaka 14 asakhalenso ndi mnzake womuposa pang'ono amene angamugulire. Kwa ine mfundo yachiwiriyi ndi imene ili ndi mphamvu, pakuti chizolowezi cha fodya chimayambira pa msinkhu umenewo.

Chimene mayiko adaphunzira n'chakuti kuletseratu fodya kwa aliyense nthawi imodzi sikuyenda. Bhutan idaletsa malonda a fodya mu 2004, koma anthu adapitiriza kusuta wozembetsa kuchokera ku India, mpaka boma lidamasula lamulolo mu 2021 poona kuti ozembetsawo angathe kulowetsanso matenda a Covid-19. South Africa idaletsa ndudu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka pakati pa Ogasiti 2020, ndipo amene adalemera m'miyezi imeneyo ndi ogulitsa mozemba, pamene boma lidataya msonkho ndipo makhoti adagamula pambuyo pake kuti chiletsocho chidali chosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo.

Zimene zatsitsa chiwerengero cha osuta ndi njira zosachititsa chidwi kwenikweni: msonkho wokwera, kuletsa kutsatsa malonda, kuletsa kusutira m'malo a anthu ambiri monga idayambira Ireland mu Malichi 2004, ndi mapaketi opanda zokongoletsa monga idayambira Australia mu Disembala 2012. Ku United States akuluakulu 42 pa 100 alionse ankasuta mu 1965, koma lero sakwana 12, ndipo m'zaka zonsezi ndudu sizidaletsedwe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ogwiritsa ntchito fodya adatsika kuchoka pa 1.38 biliyoni mu 2000 kufika pa 1.2 biliyoni mu 2024, ngakhale kuti anthu padziko adachuluka m'zaka zimenezo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti pafupifupi 80 pa 100 alionse a anthu amenewa ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, kumene achinyamata ndi ambiri, malamulo ndi ofooka, ndipo ndudu amagulitsa imodziimodzi pa mtengo umene mwana wa sukulu angaufikire. Kumalo otere, kuletsa malonda a ndudu imodziimodzi ndi kukweza msonkho kungapulumutse anthu ambiri kuposa lamulo lomveka bwino la obadwa chaka chakutichakuti limene palibe wolilondoloza.

FUNSO: Akonzi, m'chikwama cha mwana wanga wa zaka 16 ndapezamo kachinthu kooneka ngati cholembera chonenepa, konunkhira zipatso. Iye akuti ndi vape, ndipo akuti ndisadandaule chifukwa ndi nthunzi ya madzi chabe. Ndimukhulupirire? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, musamukhulupirire pa mfundo ya madziyo, ngakhale kuti mwina iye sakukunamizani dala, akungobwereza zimene adamva kwa anzake. Mukakatsegula kachipangizoko mupezamo batire, kawaya kopotanapotana kamene kamatentha munthu akakoka mpweya, ndi kathonje konyowa ndi timadzi tamafutamafuta. Timadzi timeneto ndi msakanizo wa propylene glycol, glycerine, zonunkhiritsa, ndipo kawirikawiri mumakhala chikonga, chomwe chija chimene chimamanga wosuta ndudu kuti asaleke. Chipangizo cha mtundu umene tikuuona lero adachipanga ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, mu 2003, ndipo ankafunira akuluakulu osuta ngati iye mwini. Zinthu zidasintha mu 2015 pamene padatuluka vape yotchedwa Juul, yokhala ndi chikonga chosakereketa pakhosi, chimene ngakhale munthu amene sadasutepo angachikoke chambiri osatsokomola. Mayiko a mu European Union salola chikonga chopitirira mamiligalamu 20 pa mililita imodzi, koma kumene kulibe lamulo kumapezeka timadzi tofika 50, ndipo zolembedwa pa paketi sizikhala zoona nthawi zonse.

Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo wa mwana wa zaka 16 umagwidwa ndi chikonga msanga kuposa wa munthu wamkulu. Muyang'ane ngati mwanayo amakwiyakwiya akakhala maola angapo osakoka, ngati amasowa tulo, ngati amathamangira kachipangizoko akangodzuka, kapena ngati amasowa mtendere m'kalasi. Zimenezo ndi zizindikiro za chibaba, ndipo zikaoneka ndiye kuti kumulanda chipangizocho pakokha sikukwanira, afunika thandizo la achipatala monga wina aliyense wofuna kusiya fodya. Mufunsenso kumene amagula, chifukwa timadzi tosadziwika kochokera ndi toopsa kuposa tonse. Mu 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 anthu oposa 2,800 ku United States adagonekedwa m'chipatala mapapo awo atawonongeka, ndipo 68 adamwalira. Ofufuza adapeza kuti gwero lalikulu lidali mafuta a vitamin E acetate amene ogulitsa mozemba ankathira m'timadzi tokhala ndi mphamvu ya chamba kuti tichuluke.

Mwana wanu sali yekha. Mu 2025 bungwe la WHO lidati anthu oposa 100 miliyoni amagwiritsa ntchito vape, ndipo mwa iwo ana a zaka 13 mpaka 15 ndi osachepera 15 miliyoni. N'chifukwa chake malamulo akuthina mofulumira. Brazil, Thailand, Singapore ndi India adaletseratu malonda ake, ndipo Uganda nayo idachita chimodzimodzi m'lamulo lake la fodya la 2015. Australia idalamula mu Julaye 2024 kuti vape izigulitsidwa m'mafamase mokha. Belgium idaletsa mavape otaya akatha mu Januwale 2025, ndipo Britain idatsatira pa 1 Juni chaka chomwecho, chifukwa ndi amene ana amawakonda, komanso mabatire ake amadzaza m'zinyalala n'kumayambitsa moto. Ndikuona kuti nkhondo ikubwerayi ili pa zonunkhiritsa, pakuti bambo wa zaka 50 wofuna kuleka ndudu sasowa kukoma kwa switi kapena paketi yamitundu yowala ngati choseweretsa. Zimenezo adazikonzera mwana wanuyo, ndipo ndi bwino mumuuze poyera kuti pali anthu amene adakhala pansi n'kuganizira momukokera iyeyo kuti aziwapatsa ndalama zaka zambiri zikubwerazi. Achinyamata ambiri amamva mfundo imeneyo kuposa kuwaopseza ndi matenda a ku ukalamba.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi zaka 48 ndipo ndasuta kuyambira ndili mnyamata. Ndayesa kusiya koma ndalephera. Ena akuti vape ingandithandize, ena akuti ndi yoipa kuposa ndudu. Zoona n'ziti? Ndine dalaivala wa galimoto zazikulu.

YANKHO: Bambo, yankho lanu likusiyana ndi limene ndapereka kwa mayi aja, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kukuzunguza opanga malamulo padziko lonse. Chikonga ndicho chimakumangani, koma chimene chimapha kwambiri ndi utsi wa fodya woyaka, umene uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa, komanso mulinso phula lodetsa mapapo ndi mpweya wa carbon monoxide wolemetsa mtima. Vape siyatsa kanthu, choncho zambiri mwa zimenezi mulibe kapena zilimo zochepa. Mu 2015 bungwe la boma la Public Health England lidati vape ndi yochepa kuopsa ndi 95 pa 100 poyerekeza ndi ndudu. Akatswiri ambiri adaitsutsa nambalayo ponena kuti idachokera pa kuyerekeza kwa anthu ochepa, ndipo zipangizozi sizidakhalitse mokwanira kuti zotsatira zake za zaka 40 zioneke. Komabe onena kuti vape ndi yoipa kuposa ndudu alibe umboni kumbuyo kwawo. Ofufuza a bungwe la Cochrane, amene amasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri, adapeza kuti vape yokhala ndi chikonga imathandiza anthu ambiri kusiya ndudu kuposa chingamu kapena zomata pakhungu zokhala ndi chikonga.

Apa ndi pamene mayiko agawikana. Britain ndi New Zealand amalimbikitsa vape kwa akuluakulu osuta, pamene WHO siivomereza ngati njira yosiyitsira anthu fodya, poopa kuti ikukola ana ambiri kuposa akuluakulu amene ikuwamasula. A mbali yoyamba amaloza ku Sweden, kumene amuna ambiri adasiya ndudu n'kuyamba fodya woika kunsi kwa mlomo wotchedwa snus, ndipo lero osuta tsiku ndi tsiku ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse, chiwerengero chotsikitsitsa mu European Union. A mbali yachiwiri amakumbutsa kuti makampani omwe aja ogulitsa ndudu ndi amene akugulitsanso zatsopanozi, monga Philip Morris International imene idatulutsa IQOS, chipangizo chotenthetsa fodya osamuyatsa, mu 2014. Onse awiri akunena zoona, ndipo lamulo lanzeru liyenera kumvera onse: kumusiyira njira munthu ngati inu, koma kutsekera mwana.

Langizo langa n'lakuti muyambe mwaonana ndi dokotala, chifukwa pali mankhwala ovomerezeka monga varenicline, chingamu ndi zomata pakhungu, amene amagwira bwino ntchito akaphatikizana ndi uphungu. Ngati zonsezo zakanika ndipo mwasankha vape, musiyiretu ndudu. Kusuta ndudu pa ulendo ndi kukoka vape kunyumba kulibe phindu lenileni, pakuti ngakhale ndudu imodzi patsiku imakweza kwambiri chiopsezo cha matenda a mtima. Ndipo musaganize kuti mwachedwa. Kafukufuku wotchuka amene adatsata madokotala a ku Britain kwa zaka 50 kuyambira mu 1951 adapeza kuti wosiya ali ndi zaka 50 amawonjezera pafupifupi zaka 6 pa moyo wake, ndipo wosiya ali ndi zaka 60 amawonjezerabe zitatu.

FUNSO: Akonzi, tidamva kuti Nyumba ya Malamulo ya Malawi idavomereza chamba mu 2020. Nanga bwanji apolisi akumangabe anthu opezeka nacho? Kodi tsiku lidzafika loti munthu azisuta mwaufulu monga ku Canada? Ndine wophunzira wa pa yunivesite.

YANKHO: Achimwene, mawu akuti kuvomereza chamba amabisa zinthu zingapo zosiyana, ndipo kusazisiyanitsa kwagonetsa anthu m'chitokosi. Lamulo limene lidadutsa mu Febuluwale 2020 limalola kulima, kukonza ndi kugulitsa chamba cha mankhwala, cha mafakitale ndi cha kafukufuku, ndipo limalola okhawo amene ali ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kapena kusunga chamba popanda chilolezo ndi mlandu ndithu. Lesotho, imene idayamba kupereka ziphaso zotere mu Africa mu 2017, Zimbabwe mu 2018, ndi Morocco mu 2021, onse adatsata njira yomweyo ya ulimi ndi mankhwala. Chamba cha mafakitale ndi mbewu yokhala ndi THC wochepa kwambiri, THC kukhala mankhwala amene amaledzeretsa, ndipo amachilimira luzi, njere ndi mafuta.

Njira yachiwiri ndi yochotsa chilango kwa munthu wamkulu wosutira kwake popanda kutsegula msika. Pa 18 Sepitembala 2018 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko ku South Africa lidagamula kuti kumanga munthu wamkulu chifukwa cholima kapena kusuta chamba chake pamalo akeake n'kumuphwanyira ufulu, ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasayina lamulo lotsatira chigamulocho mu Meyi 2024, koma kugulitsa n'koletsedwabe. Germany kuyambira pa 1 Epulo 2024 imalola munthu wamkulu kuyenda ndi magalamu 25, kusunga 50 kunyumba ndi kulima mitengo itatu. Njira yachitatu ndi ya msika wovomerezeka, imene idayamba ndi Uruguay mu Disembala 2013 pansi pa Pulezidenti José Mujica, kenaka Canada pa 17 Okotobala 2018. Ku United States zigawo za Colorado ndi Washington zidavota mu 2012, ndipo pofika 2024 zigawo 24 zidali zitalola, ngakhale kuti lamulo la boma lalikulu lidali kuletsabe. Nalo bungwe la United Nations mu Disembala 2020 lidachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsa kwambiri m'pangano la mayiko la 1961 loona za mankhwala ozunguza bongo, pa mavoti 27 kwa 25, koma silidachimasule ku ulamuliro wa panganolo.

Musaganize kuti ulendowu ukungolowera kumodzi. Thailand idamasula chamba mu Juni 2022 isadakonze malamulo ochiyendetsera, ndipo masitolo masauzande adatseguka m'miyezi yochepa, mpaka mu Juni 2025 boma lidabweza n'kulamula kuti wogula akhale ndi kalata ya dokotala. Ku Canada ogula ambiri tsopano amapita ku masitolo ovomerezeka ndipo milandu ya kupezeka ndi chamba idatsika kwambiri, koma zipatala zidayamba kulandira ana aang'ono ambiri amene adadya maswiti a chamba osadziwa. Walira mvula walira matope, ndipo dziko lofuna kutsegula msika liyenera kukhala litakonzeka ndi malo oyezera mphamvu ya chamba, oyendera masitolo ndi zipatala za matenda a maganizo.

Mfundo yomalizayi ndiitsindike, chifukwa pa msinkhu wanu ndi pamene chamba chimavulaza kwambiri. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 osuta amafika polephera kusiya, ndipo mwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa 6. Chamba cha m'misika yambiri ya masiku ano chili ndi THC wochuluka kangapo kuposa cha m'ma 1990, ndipo kafukufuku wa m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Brazil wofalitsidwa mu 2019 adapeza kuti osuta champhamvu tsiku ndi tsiku ali pa chiopsezo chochuluka pafupifupi kasanu chodwala misala poyerekeza ndi osasuta. N'zoona kuti m'chamba muli mankhwala, monga CBD amene adavomerezedwa ku United States mu 2018 pochiza mitundu ina yovuta ya khunyu la ana, koma amenewo ndi madontho oyezedwa bwino operekedwa ndi dokotala, osati ndudu yopichira. Maganizo anga ndi akuti kutsekera mnyamata m'ndende chifukwa cha kachamba kodzaza dzanja kumawononga moyo wake kuposa chambacho, pakuti amatulukako wopanda sukulu, ali ndi mbiri ya mlandu ndi anzake atsopano oipa. Ndikuyembekeza kuti mayiko ambiri a mu Africa adzafewetsa chilango chimenechi kaye asadaganize za masitolo, ndipo kutero kudzakhala kulondola.

FUNSO: Akonzi, fodya akumuthina, chamba akuchimasula. Kodi kumeneku si kusokonezeka mutu? Ndiponso thupi ndi langa, boma likulowererapo chiyani? Ndine wowerenga wanu wakalekale.

YANKHO: Akuluakulu, zikuoneka ngati zosemphana chifukwa zinthu ziwirizi zidayambira kumalekezero osiyana. Fodya adachokera ku ufulu wonse, kumene ankamutsatsa pa wailesi, ankalipirira mipikisano ya masewera, ndipo ankasutidwa m'ndege ndi m'zipatala momwe. Chamba chidachokera ku unyolo ndi ndende. Zonse ziwiri zikulowera ku malo amodzi apakati: wogula akhale wamkulu, wogulitsa akhale ndi chiphaso, msonkho ukhale wokwera, ndipo kutsatsa kuletsedwe. Canada idayamba kugulitsa chamba m'mapaketi osakongoletsa okhala ndi chenjezo, Uruguay idaika malonda onse pansi pa ulamuliro wa boma, ndipo Germany idasankha magulu osapanga phindu a mamembala osapitirira 500, onsewa pofuna kupewa kubala makampani a chamba amphamvu ngati a fodya.

Za thupi lanu ndikugwirizana nanu pang'ono. Fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni pachaka, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo sadasutepo, adangopuma utsi wa amuna awo, makolo awo kapena anzawo a kuntchito. Komanso osuta ambiri adayamba asadakwane zaka 18, ndiye kuti chisankho chimene munthu wamkulu akuchiteteza lero adamupangira ndi mwana amene sankadziwa chimene akulowa. Pa chifukwa chimenechi ndimakhulupirira kuti dzanja la lamulo liyenera kulemera pa wopanga, wotsatsa ndi wogulitsa kwa ana, koma lipepuke pa wosuta, amene akufunika chipatala kuposa khoti.

FUNSO: Akonzi, banja langa lonse limadalira fodya wa bale. Ngati dziko lapansi likusiya kusuta, ife tidzalowera kuti? Ena akutiuza kuti tisonkhe ndalama tiyambe kulima chamba. Ndine mlimi.

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo si yanu yokha, pakuti fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za Malawi kwa zaka zambiri. Msika sudzagwa chaka chamawa. Ogwiritsa ntchito fodya akadali oposa biliyoni imodzi ndipo akutsika pang'onopang'ono, choncho padzakhalabe zaka zina za mitengo yabwino, makamaka pamene mvula yavuta ndipo fodya wachepa. Koma zaka zoterezo zisakupusitseni. Ogula anu enieniwo adanena kale kumene akupita: Philip Morris International idalengeza kuti ikufuna kuti pofika 2030 zoposa magawo awiri mwa atatu a ndalama zake zizichokera ku zinthu zopanda utsi. Zinthu zimenezo zimadya masamba ochepa kuposa ndudu, timadzi ta vape timangofuna chikonga chosungunulidwa, ndipo tsopano chikonga china amachipangira m'fakitale popanda tsamba ndi limodzi lomwe. Mu Epulo 2021 Lazarus Chakwera, ali Pulezidenti, adanena poyera kuti ulimi wa fodya ukupita kumapeto ndipo dziko liyenera kufunafuna mbewu zina.

Mu 2023 Malawi idalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta, limene lidavomerezedwa mu 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005. Alimi ambiri adaliopa, koma panganolo sililetsa kulima fodya, ndipo gawo 17 limauza maboma kuti athandize alimi kupeza njira zina zopezera ndalama. Gawo limenelo ndi lanu, ndipo magulu a alimi ayenera kulikumbutsa boma nthawi ndi nthawi. Chimene chimamusunga mlimi pa fodya si chikondi cha mbewuyo, koma ngongole ya feteleza, mlangizi wobwera kumunda ndi wogula wodziwika. Ku Migori m'dziko la Kenya, ntchito imene WHO ndi mabungwe a United Nations a zaulimi ndi chakudya a FAO ndi WFP adayambitsa pamodzi ndi boma idasamutsa alimi ambiri kuchoka ku fodya kupita ku nyemba, ndipo idatheka chifukwa mbewu, ulangizi ndi msika zidabwera pamodzi.

Za chamba, yendani mosamala. Chamba cha mankhwala chofuna kugulitsidwa kunja chimalira mpanda, alonda, mbewu yovomerezeka, malo oumitsira aukhondo ndi kuyezedwa m'labotale, ndipo mtengo wake padziko udagwa kuyambira mu 2019 makampani a ku Canada atalima chochuluka kuposa ogula, mpaka ena adachita kutaya chimene chidatsala m'nkhokwe. Musadapereke ndalama kwa aliyense, muone ndi maso anu chiphaso cha gululo n'kukachitsimikiza ku Cannabis Regulatory Authority, ndipo mufunse kontrakiti yolembedwa yosonyeza dzina la wogula, mtengo wake ndi chimene chidzachitike ngati zokolola zakanidwa poyezedwa. Ngati zimenezi palibe, sungani ndalama zanuzo. Pakadali pano mukhoza kuyamba ndi kupatula gawo la munda chaka chino n'kudzalapo soya, mtedza kapena nyemba kudzera m'kalabu imene ili kale ndi wogula, n'kumalikulitsa gawolo pamene mukuona kuti likubweza ndalama zolipirira ana sukulu.